Mtengo wa Mwala Wathu Umadulidwa m'Labu

Mabatire ambiri a mafoni athu ali ndi kobati, mwala umene umatuluka pamodzi ndi kopa m'migodi ya ku Copperbelt ndi kutsidya kwa malire ku Congo. Ife timaudziwa mwalawu ukali m'dothi. Timadzauonanso ukabwerako uli m'foni, mtengo utakwera. Nchito ya pakatipo amaigwira ndi ena.

Mu 1980, John Goodenough ndi anzake pa yunivesite ya Oxford anali kufufuza mmene maatomu amakhalira mkati mwa zinthu zolimba. Anaona kuti kobati ndi okosijeni zimasanjikizana ngati mphasa zoyalidwa ina pamwamba pa inzake, ndipo lifiyamu atha kulowa ndi kutuluka pakati pa mphasazo popanda kuzigumula. N'cifukwa cake batire yotere timaichaja mobwerezabwereza. Panapita zaka 11 kuti kampani ya Sony iyambe kuigulitsa mu 1991, ndipo kucokera pamenepo mwala wathu unapeza msika watsopano.

Koma labu imene imakweza mwala ithanso kuugwetsa. Mu 1997, gulu la Goodenough yemweyo, ali ku Texas, linaonetsa kuti batire ingapangidwe ndi citsulo wamba ndi fosifeti, popanda kobati. Lelo magalimoto ambiri oyendera malaiti ali ndi batire ya mtundu umenewu. Enanso mwa mabatire a sola amene tinathamangira kugula mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, ndi omwewa.

Mu April 2022, Zambia ndi Congo anasainirana pangano ku Lusaka lakuti tiyambe kupanga zinthu za mabatire kuno kwathu. Makina a fakitale tingagule. Munthu wodziwa cifukwa cake mwala wina umasunga mphamvu pomwe wina sutero, ameneyo amaculuka ndi zaka zokhala m'labu. Sukulu ya za migodi ku UNZA tili nayo, Copperbelt University ku Kitwe ilipo. Koma mwana akatiuza kuti afuna kupitiriza kufufuza za fizikisi kapena kemisitiri, timamufunsa kuti, "Nanga udzadya ciani?" Timamukankhira ku maphunziro obweretsa malipiro msanga.

Funsolo si loipa, pakuti njala siidikira. Koma tikamufunsa tero, tifunsenso aphungu athu kuti boma laika zingati pambali zolipirira ofufuza ndi zida zao. Tikapanda kutero, tsiku limene kobati adzasiya kufunika tidzangomva pa wailesi.