Cithunzi Cobisika

Pamsika wa ku Ulongwe pali tinyumba toonetsera kanema. Pakhomo amapacika zithunzi zikuluzikulu zoitanira anthu. Ana amaima pamenepo n'kumayang'ana. Amaona anthu, magalimoto ndi nyama. Koma dzina la kanema saliwerenga, cifukwa cithunzi cawauza kale zonse.

Ine ndimaphunzitsa kalasi yoyamba. Ndimafuna kuti ana anga aziyamba ndi mau, cithunzi cizibwera pambuyo. Conco tinapanga zithunzi zathu za kanema, n'kuzibisa pansi pa penti. Wofuna kuona cithunzi ayambe wawerenga dzina lake. Akawerenga, ndiye apale penti.

Kusukulu kwathu kulibe makina oonetsera kanema. Koma nthano tili nazo zambiri. Tinayerekeza kuti nthano zathu zasanduka kanema. Gulu lina linasankha Kalulu, lina Fisi, lina Kamba, lina Njovu.

Tinacita motere. Tinadula katoni yakale, n'kumatapo pepala loyera. Pepalalo tinaligawa zigawo 4. Gulu lililonse linajambula nyama yake ndi makrayoni. Kenaka tinatikita kandulo pamwamba pa cithunzi conse, mwamphamvu, osasiya malo. M'kacitini tinasakaniza masupuni 2 a penti wakuda ndi supuni 1 ya sopo wamadzi wotsukira mbale. Tinapaka pentiyo ndi nthenga ya nkhuku. Atauma, tinapakanso kaciwiri. Nyama zonse zinabisika. Pansi pa cigawo ciliconse ndinalemba dzina ndi zilembo zazikulu.

Mwana wina anafunsa kuti, “Aphunzitsi, kandulo ndi wa ciani?”

Funso labwino limenelo. Phula la kandulo limatseka pepala. Penti salowa m'kati, amangokhala pamwamba. Ndiye ukapala, amacoka, cithunzi n'kutsala cabwinobwino. Nanga sopo? Munaonapo madzi a mvula patsamba la nthoci? Amakhala timadontho. Penti nayenso amatero pa phula. Sopo amamuthandiza kuti ayale bwino paliponse.

Katoniyo tinaipacika kukhoma. Inakhala pamenepo mpaka Lacisanu. Ana ankadutsa pafupi n'kumayesa kuwerenga maina camumtima. Aliyense ankafuna kuti adzapale ndi iye.

Lacisanu linafika. M'kalasi mwathu muli mtsikana wina wamanyazi kwambiri. Ndikamufunsa, amangoyang'ana pansi. Tsiku limenelo anaimika dzanja yekha. Anapita kutsogolo, naika cala pa zilembo.

“Ka... lu... lu. Kalulu!”

Ndinamupatsa ndalama yacitsulo. Anapala pang'onopang'ono. Panatuluka khutu lalitali. Panatulukanso lina. Ana onse anaomba m'manja. Gulu la Kalulu linaimirira n'kucita sewero la nthano yao. Ameneyo ndiye anali kanema wathu.

Mnyamata wina anathamanga kuti apale cigawo caciwiri asanawerenge. Anzake anakuwa kuti, “Werenga kaye!” Anaima nthawi yaitali. Ine ndinakhala cete. Kenaka anati, “Fi... si.” Anapala, ndipo fisi anatuluka ndi mawanga ake.

Makolo, masewerawa mungathe kucita kunyumba. Safuna ndalama zambiri. Mungalembe dzina la mwana, la mbuzi, kapena la kanema amene munaonera pamodzi. Mwana apale ndi ndalama yacitsulo kapena supuni. Musamupatse mpeni kapena lezala. Penti asaike m'kamwa, ndipo akamaliza asambe m'manja.

Musafulumire kumuuza yankho. Mwana akakakamira pa cilembo, dikirani pang'ono. Cithunzi cobisikaco cimamukoka kuti ayesenso.

Inu ana, nayi nchito yanu. Dziko lathu litalandira ufulu mu 1975, magalimoto ankayenda m'midzi kuonetsa kanema usiku pabwalo. Kanema wina anali wa nkhani za dziko lino, dzina lake Kuxa Kanema. Agogo ena amakumbukira masiku amenewo. Madzulo ano afunseni kuti, “Agogo, kanema woyamba munaonera kuti? Munaonamo ciani?” Jambulani cimene akuuzeni. Tikitanipo kandulo, n'kupaka penti. Pansi pake lembani dzina ndi dzanja lanu. Mawa muwawerengere agogo dzinalo, kenaka muwapatse supuni kuti apale okha.