Tinakaonana maso ndi maso ku Cassacatiza

Abale a mpingo wa ku Katete tinkangowadziwira m'makalata. Nthawi ya nkhondo anasunga anthu athu othawira ku Zambia, ndipo mtendere utabwera mu 1992 makalata sanaleke: uje wadwala, uje wabatizidwa, tipempherereni mvula.

Tsiku lokumana tinapalasa njinga mpaka ku Cassacatiza, chipata choyang'anana ndi Chanida. Fumbi lokhalokha, malole ali ndandanda. Mtima unali m'mwamba: tizindikirana bwanji?

Akulu a mpingo amene ndinkawayesa chimphona chifukwa cha kalembedwe kao, anali bambo ochepa thupi, Baibulo atalikutira m'pepala la shuga. Anandigwira dzanja osalitaya, nafunsa: "Mayi anu aja a chifuwa akupeza bwanji?"

Panali patatha mwezi titawaika m'manda. Kalata yathu inali isanawafike.