Mwera ukakutenga sukubweza

Ndine mphunzitsi wa Jogalafe pa sekondale ina yoyendera m'boma la Mangochi. Chaka chilichonse ndimauza ana kuti mwera umawomba kuchokera kummwera chakum'mawa m'miyezi yozizira. Patchuthi cha Ogasiti wapitayu ndinaumva m'thupi.

Mwana wa mchemwali wanga amagwira ntchito pamalo ena ogona alendo ku Cape Maclear. Kumeneko amabwereketsa matabwa oyandama, aja munthu amaimirirapo n'kumapalasa ndi nkhafi imodzi yaitali. Akatswiri a masewerowa amatsata mphepo kuti iziwakankha kumsana, ndipo ku Hawaii amapikisana kuchokera ku Molokai mpaka ku Oahu, mtunda woposa makilomita 50. Nane ndinafuna kulawako.

"Amalume, lero ayi. Mphepo ikuchokera kumtunda," anatero mnyamatayo. Ndinamuyankha kuti ndinakulira m'bwato. Sanalimbane nane, anangondiveka jekete yoyandamitsa n'kumanga chingwe cha thabwa kumwendo kwanga.

Poyamba zinkakoma, thabwa likuthamanga lokha. Nditacheuka, nyumba za ku Chembe zinali zitachepa. Mantha atandigwira ndinatembenuka n'kuyamba kupalasa mwaphuma molimbana ndi mphepo. Posakhalitsa mikono inalefuka, funde linandigwetsa. Thabwa lopanda munthu limauluzika mwaliwiro loti sungalipeze posambira, moti chingwe chija chikanapanda kukhalapo, kalata ino sindikanalemba. Mnyamatayo anadzanditenga ndi asodzi ena pa boti la injini, ine nditakumbatira thabwa, manyazi ali tho.

Kwa amene mukufuna kuyamba, nazi zomwe ndaphunzira. Musalowe m'madzi mphepo ikamachokera kumtunda kulowera pakati pa nyanja. Sankhani tsiku lomwe ikuwomba motsata gombe, ndipo dziwiranitu pokatsikira ndi amene akakuchingamireni, chifukwa ulendo wotere ndi wopita kokha. Funsani asodzi, amaudziwa mwera ndi mpoto kuposa buku langa. Chingwe ndi jekete musazisiye, foni ikhale m'kathumba kosalowa madzi, ndipo musapite nokha.

Yambani ndi mtunda waufupi, mutagwada, m'mawa nyanja isanakalipe. Mphamvu musamalize pachiyambi. Funde likakweza kumbuyo kwa thabwa, palasani kangapo mofulumira, kenako pumani likutengeni. Ngati mukulephera kulankhula chifukwa cha befu, mwafulumira kwambiri. Mphepo ikakukulirani, gonani chafufumimba pathabwa, nkhafi pansi pa chifuwa, muzipalasa ndi manja, pakuti munthu woimirira amasanduka thanga.

Sabata yotsatira ndinabwereranso, mphepo ikutsata gombe. Ndinayenda pang'ono, mnyamata uja ali pambali panga, ndipo akati gwadani, ndinkagwada.