Ku Ndirande Land Rover siifa, imangosintha malaya

Mukatsika minibasi pa Chinseu ku Ndirande, makutu ndiwo amayamba ntchito maso asanaone kanthu. Uku akukhoma zidebe, apa akuwotcherera mafelemu a mawindo, uko macheka a akalipentala ali pa matabwa a paini. Phiri lija lili pamwambapo mbee, mitengo yake anthu anagwetsa m'zaka za m'ma 1990 matipate atangolowa. Koma lero sitinabwerere zidebe ayi. Khotani mulowe tinjira ta kuseri kwa magalaja, kumene oyilo wakuda anadetsa nthaka, mukapeza nkhalamba ina itakhala pa njerwa, zitseko atachotsa, mwana wa sukulu akuseweretsa chiwongolero. Imeneyo ndiye Land Rover.

Galimoto imeneyi inabadwira ku Solihull m'dziko la Mangalande, ndipo anthu anayamba kuiona pa chionetsero cha ku Amsterdam mu 1948. Nkhondo yachiwiri inali itangotha, chitsulo chikusowa, choncho thupi lake analipanga ndi aluminiyamu. N'chifukwa chake mpaka lero malata ake akunja sachita dzimbiri. Kuno kwathu inayenda ndi a DC, apolisi, abambo a ku mishoni ndi alangizi a zaulimi, ndipo zambiri zinafika m'manja mwa anthu wamba boma litazitaya pa okushoni. Za mtundu wa Series III anazipanga kuyambira 1971 mpaka 1985. Mdzukulu wake, Defender wakale uja, anasiya kumupanga mu 2016.

Nanga inu a geni zikukukhudzani bwanji? Funsani amene amakaoda kachewere ku Tsangano kapena mananchesi ku mapiri a Mwanza ndi Neno mvula itagwa. Kumeneko kagalimoto konyezimira kamangolira m'matope, pamene nkhalambayi imakwera ikutsokomola. Ndiye munthu akapeza timakobidi amagula chigoba chotere, n'kubwera nacho kuno kuti achiveke.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Mwini galimoto amafika maso ali pa mipando: akufuna ya velveti yofiira, kapeti mpaka kumbuyo, masipika awiri ngati a mubala. Mmisiri wadyera amangoti chabwino bwana, n'kuyamba kusoka. Koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Aluminiyamu ndi wakunja kokha. Chesisi ndi yachitsulo. Chipupa chomwe chimalekanitsa injini ndi anthu, kuphatikizapo popondera mapazi a dalaivala, ndi chachitsulo. Mafelemu a m'kati mwa zitseko nawonso ndi achitsulo. Zonsezi zimaola. Ndipo pamene chitsulo chakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka n'kusanduka ufa woyera ngati phulusa. Mukayala kapeti pamwamba pa zimenezi, tsiku lina mudzaponda buleki phazi n'kutulukira kunsi, matumba a eni ake ali kumbuyo.

Mmisiri weniweni, ndipo alipo ku Ndirande kuno, amayamba n'kuvula galimoto yonse. Mipando panja, malata apansi amamasula mabawuti n'kuika pambali. Kenaka amatenga sikuludalaivala n'kumabaya paliponse pokayikitsa. Pomwe yalowa, amadula n'kuwotchererapo chitsulo chatsopano, kupaka penti yoletsa dzimbiri, kudikira iume. Ntchito imeneyi siioneka ndi maso galimoto ikatha, n'chifukwa chake eni ake amanyinyirika polipira. Ine ndikuti lipirani.

Chenjezo lina, abale anga: pa zambiri mwa galimotozi thanki ya mafuta ili pansi pa mpando wa dalaivala penipeni. Mipando yakutsogolo imakhala pa chibokosi, ndipo mukanyamula khushoni mupeza kachivundikiro, kunsi kwake thanki. Mukaona mnyamata akuyatsa moto wowotcherera thanki asanachotse, thawani kaye, mafunso pambuyo. Mukamva fungo la petulo m'kati, musalole kuti alibise ndi siponji yatsopano.

Zikatha zimenezo ndiye wosoka amalowa. Amakhala pakhonde ndi mashini ake opalasa ndi phazi, mpando wakale ataung'amba bwinobwino m'misoko kuti zidutswa zake zikhale patani. Thabwa la pansi likafumbwa amadula pulayiwudi ina. Siponji ndiyo ili ndi nkhani. Ya matiresi otchipa imakoma tsiku loyamba, pakatha mwezi mwakhala pa thabwa. Pamafunika yolimba pansi, yofewa pang'ono pamwamba, chifukwa galimotoyi imayenda pa masipuling'i achitsulo osanjikiza ndipo bampu iliyonse imafika mumsana. Chophimba chabwino ndi rexine, nsalu ya pulasitiki yonga chikopa ija. Ku fakitale ankaikanso zotere, zotuwa pa zakale, zakuda pa zam'mbuyo mwake. Imatentha mwezi wa Okutobala, inde, koma mukanyamula usipa kapena tomato woswekera mumangopukuta. Velveti imamwa fungo la nsomba ndipo silichoka mpaka kalekale. Amene akufuna kukongola asoketse kavalo ya chitenje yovula n'kuchapa. Kuno ambiri amasankha zofiira ndi zoyera, pajatu Ndirande ndi kwawo kwa Maule, koma wa Manoma akafuna zabuluu amusokera ndithu, ndalama ilibe timu.

Kutsogolo kumakhala mipando itatu. Wapakati uja ndi chilango, munthu amakhala atatang'adza giya ili pakati pa miyendo. Ambiri amauchotsa n'kuikapo bokosi lokhoma ndi loko, ndipo kwa munthu wa geni limeneli ndi lanzeru kuposa china chilichonse: ndalama zooda, malisiti a msika ndi mapepala a galimoto zimagona mmenemo. Kungoti bokosilo lisatseke timitengo tiwiri tija, ka mutu wachikasu ndi ka mutu wofiira. Kachikasu mukakadinikiza matayala onse anayi amakoka, kofiira mukakakokera kumbuyo mwalowa giya yamphamvu yokwerera phiri.

Dashibodi imakuuzani zaka za galimoto. Ikakhala yachitsulo, mawotchi ali pakati, ndi yakale kuposa 1971. Series III ndiyo inabwera ndi ya pulasitiki, mawotchi ali kutsogolo kwa dalaivala, ndipo dzuwa lathuli limaing'amba. Wofuna wailesi asamale: zopangidwa chisanafike chaka cha 1967 mawaya ake ndi otembenuza, mbali ya pulasi ya batire ndiyo imalumikizidwa ku thupi la galimoto. Mukangolumikiza wailesi ya masiku ano osafunsa, utsi fuu, ndalama zapita. Timazenera tiwiri ta pansi pa galasi lakutsogolo musalole kuti atimate, ndito timalowetsa mphepo.

Kumbuyo kulibe zambiri. Mabenchi awiri oyang'anizana, opinda kuti matumba alowe, basi. Pansi yalani labala yokhuthala. Kapeti ayi, chifukwa Land Rover imadontha ngakhale itakonzedwa chotani, ndipo kapeti yonyowa ndiyo imabweretsanso dzimbiri lomwe mwalipira kuti lichoke. Malamba a mipando asamangidwe pa lata la aluminiyamu lokha, limang'ambika. Kuseri kwake kukhale chitsulo.

Tsiku lokatenga galimoto musapite nokha, ndipo ndalama yotsala ikhale kaye m'thumba. Wina akhale m'kati zitseko zotseka, inu muthire ndowa ziwiri za madzi padenga ndi pagalasi, aone pomwe pakulowa. Kenaka kwezani matumba angapo, muyende nayo msewu wokwera kuphiri kuja, mawindo otseka, mphuno zili tcheru. Mukamva utsi wa ekizozi kapena petulo, bwererani nayo pagalaja pompo mmisiri asanaweruke.