Ola Loyamba la Tsiku Ndi Lanu

Aphunzitsi anzanga, ife a sukulu za kwacha tili ndi lamulo losavuta: liwu latsopano ndi maphatikizo ake aziphunzitsidwa poyamba, mitu ya ophunzira isanatope. Kubwereza zakale kuzibwera pambuyo. Lamulo lomweli ndimalitsata pogawa ntchito za tsiku langa.

Kuno ku Eiffel Flats, pafupi ndi Kadoma, ambirife ndife zidzukulu za anthu amene anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito mu mgodi wa golide wa Cam and Motor. Agogo athu ankalawira, koma mphamvu zawo zam'mawa zinkapita kwa mwini mgodi. Nanga inu, zanu zikupita kwa yani?

Mphunzitsi wophunzira ali pakhomo ali ndi mabwana ambiri: kalasi, mulu wa makope ofunika kuchonga, ana, tchalitchi, maliro. Buku la maphunziro limangodya mkute, usiku, maso akulemera. Ndaonapo anzathu anzeru akusiya maphunziro panjira chifukwa ntchito yotumiza kwa aphunzitsi awo ankailemba atatheratu. Komatu kuphunzira uku ukugwira ntchito si kwachilendo. Aphunzitsi a ZINTEC, imene inayamba mu 1981, ankakhala nthawi yaikulu ya zaka zawo zinayi akuphunzitsa m'sukulu, uku akuwerenga mabuku otumizidwa ndi koleji.

Ine ndimachita chonchi. Madzulo ndimatsegula buku pa tsamba lofunika, n'kulemba funso limodzi papepala. Ikamakwana 9 koloko ndili m'bulangete, pakuti kulawira kumayamba ndi kugona msanga. Kuyambira 4 mpaka 5 koloko m'bandakucha ndimayankha funso lija basi. Foni imakhala kuchipinda, WhatsApp idikire. Kuchonga makope sikufuna mutu watsopano ayi, kumatheka ngakhale madzulo.

Mu 2019, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima mpaka maola 18 patsiku, n'kumayaka pakati pa usiku. Amene ankadzuka kusanache ankawapeza akadali oyaka.

Ndikudziwa kuti kwa inu amayi m'mawa ndi nthawi yotunga madzi ndi kusonkha moto. Khalani pansi ndi abambo komanso ana okulirapo, mugawane ntchito. Satifiketi ikabwera, idzadyetsa nyumba yonse. Ola limodzi masiku 5 pamlungu ndi maola 20 pamwezi.

Usiku uno lembani funso lanu, muliike pansi pa nyali. M'mera mpoyamba.