Chipata cha Pumulani

Msewu wa N1 umayambira ku Beitbridge, pamalire a Zimbabwe ndi South Africa, n'kukathera ku Cape Town. Anaukonza kuti anthu ndi katundu asamachedwe: galimoto zimaloledwa kuthamanga makilomita 120 pa ola, ndipo ndalama zolipira pazipata zimathandiza kuusamalira.

Mmalawi wopita ku Joni pa basi amawerenga mayina a zipatazo: Baobab, Capricorn, Nyl, Kranskop, Carousel. Onsewo ndi achilendo. Koma poyandikira Pretoria amaona dzina losafuna womasulira: Pumulani. Azulu amati phumula, Achewa amati pumula, zinenerozi n'zapachibale.

Komabe pachipatapo palibe wopumula. Dalaivala amalipira, basi n'kupitirira. Wapaulendoyo amadziwa kuti sadzapumula kufikira atatumiza kumudzi ndalama ya feteleza imene anaisiyira ana ake.