Undiloze, ndikuloze

Inu amene mumagula mumsika waukulu wa Lilongwe, kufupi ndi depoti ku Malangalanga, mukudziwa mmene timachitira. Mukafunsa usipa kwa ine wogulitsa nyemba ndi mpunga wa kilombero, ndimakuuzani kuti, "Pitani mzere wachitatu, kwa amayi a duku lofiira." Sindiloza aliyense ayi. Usipawo ukakhala wowawa, mudzadandaulira ine amene ndinakutumizani.

Google nayo idayambira pa nzeru yomweyi. Larry Page ndi Sergey Brin, omwe adaiyambitsa mu 1998, ankawerenga linki iliyonse yopita ku webusaiti ngati chala choloza: wolozedwa ndi ambiri, makamaka odalirika, ankakwera pamwamba anthu akamafufuza. Ochenjera atatulukira, adayamba kusinthana malinki, undiloze ndikuloze, osadziwana n'komwe. Mu 2012 Google idabweretsa njira yotchedwa Penguin yotsitsira pansi mawebusaiti a chinyengo chotere.

Pano zafika m'mafoni mwathu. Sabata yatha mnyamata wina wa nsapato za kaunjika ku Tsoka adandilembera kuti ndiike peji yake pa status yanga ya WhatsApp, iyenso aike yanga. Zaulere, akuti, makasitomala achuluke. Koma nsapato zakezo sindinaonepo olo imodzi. Ndipo amene amaona status yangayo ndi alamu anga, amayi a kumpingo, ndi mabwana a ku Area 10 amene amanditumizira ndalama pa Airtel Money thumba la mpunga asanalione. Ndamuuza kuti, "Achimwene, Loweruka ndioloka mlatho wamatabwa uja, ndidzazigwire kaye ndi manja anga."